Chitsime Chija Achitseka, Achimwene

Achimwene Fernando, lero a boma atseka ndi simenti chitsime chija cha kuseri kwa nyumba imene Apwitikizi anasiyamo migolo ya mankhwala a m'minda. Ati madzi ake ali ndi poizoni. Si zomwezo munkanena inu nthawi ya nkhondo, mutangobwera kokaphunzira zopima madzi? Ndikukumbukira m'mawa wina wachisanu muno mu Lichinga, ndikuchokera kotunga, munanditula ndowa pamutu n'kukhuthulira madzi onse pansi. Ndinakulalatirani, zala zitauma ndi kuzizira. Munangoti, "Mlongo wanga, mankhwalawa saoneka ndi maso. Kuyambira lero tizikatunga kumtsinje limodzi." Ndipo tinkapitadi, inu mwamuna wophunzira mutasenza ndowa, anthu onse a m'bayiro, dera lathu lija, akukusekani.

Amene anakakunenezani kwa asilikali kuti timabotolo tanu topimira tija n'tothirira poizoni m'zitsime, ati mwatumidwa ndi zigawenga, ndi bambo Albino, oyandikana nafe nyumba, omwe munkadya nawo mbale imodzi. Ankagulitsa madzi a chitsimecho kwa othawa nkhondo ochokera ku Lione, ndiye inu munkawaonongera malonda. Asilikali anakukwezani galimoto, mpaka lero ngakhale manda anu sitiwadziwa. Pamwambo wa lerowu wotseka chitsimecho bambo Albinowo anakhala kutsogolo, atavala jekete, akuwomba m'manja. Dzina lanu palibe analitchula. Atandiona anati, "Mayi, tapulumukatu." Ndinawayankha pamaso pa anthu onse: "Ife tinapulumuka kalekale, bambo. Anatipulumutsayo munamusiya kuti?"