Timitengo ta Jounas pa Nyanja Youndana

Jounas Magga sankadziwa kukhala pansi, ngakhale khofi ankamwa ali chiimire. Nthawi ya nkhondo ntchito yake inali kuzika timitengo pa nyanja yathu ikaundana, kuti ndege ziziona potera. Ndege yomaliza inanyamula mng'ono wake Oula atavulala mwendo, n'kuwoloka naye malire kupita kuchipatala ku Norway. Kuyambira pamenepo, zii.

Nkhondo inatha, koma chaka chilichonse Jounas ankazikabe timitengo take mizere iwiri, maso ali kumwamba.

"Bambo inu, mukudikira ndege kapena akhwangwala?" ankatero mkazi wake Inga. "Mphalapala zanu zoweta zija zikusochera uko!"

"Nanga Oula akabwera atere pati, pa denga lako?"

Chaka chachinayi, tsiku la chimphepo cha chipale chofewa choti sungaone ndi dzanja lako lomwe, munthu wotsimphina anatulukira pagombe, akupapasa kamtengo kamodzikamodzi. Anali Oula, wapansi.

"Achimwene, mizere yanuyi ikadali yokhota," anatero. "Bola ndabwera ndine, woyendetsa ndege akanakutukwanani."

Jounas anangoti khwethe pa ayezi pomwepo, osadzukanso msanga. Khofi wa tsiku limenelo Inga anachita kumuperekera komweko.