Mbedza ya mu Juni Inandithetsera Banja

Banja langa ndinalipasula ndekha, ndipo mukamva chifukwa chake mwina museka. Sekani ndithu, nanenso ndikanaseka zikanakhala za wina. Koma inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene mumati pa ntchito yanu palibe angakuuzeni kanthu, mukatha kusekako mukhale pansi muganize. Ine pano ndikugona ndekha m'nyumba yozizira, pamene mkazi wabwino ali moyo kwawo.

Kwathu ndi ku Phalombe, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo ndinakula manja akununkha matemba. Chaka china nyanja itaphwa, mabwato atakhala pamatope ong'aluka, ndinakwera lole ya ofuna matenanti n'kudzatsikira pa esiteti ina ya fodya cha ku Chiosya, ku Mchinji. Kumeneko ndi kumene ndinaonana ndi Nambewe, mtsikana wa ku Kapondo amene ankabwera kudzasoka fodya. Anali wosalankhulalankhula, koma akaseka ankaseka thupi lonse mpaka kugwira m'mawondo. Akwawo anandilola kumutenga, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Tadala.

Tadala atayamba kuyenda tinasamukira pa esiteti ina kufupi ndi Mkanda. Chimene chinandikopa kwenikweni si fodya ayi, koma damu lothiririra nazale limene lili kumunsi kwake. Nditangoona madzi aja mtima wanga unakhala m'malo. Munali makumba, timatemba, ndi milamba ina yonenepa ngati mwendo wa munthu. Eni ake ankaletsa ukonde, koma za mbedza sankalankhulapo. Ine wozolowera ukonde ndinaphunzira mbedza, ndipo sikudzitama ayi, pasanapite nthawi ndinawaposa onse apamzere wa nyumba za matenanti.

Miyezi yotentha ndi yamvula ija ndi imene ndimaikumbuka koposa. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndinkatsetsereka kudamu ndi bango langa la mbedza, dzuwa likamapendeka ndikubwera ndi nsomba zotunga pa luzi. Nambewe ankandichingamira panjira, mwana ali kumsana, n'kundilanda nsombazo uku akundinena kuti ndine mlamu wa achule. Ankazikazinga ndi tomato pang'ono, fungo n'kufika mpaka nyumba yomalizira. Tinalibe kanthu, koma sindinkasirira munthu aliyense.

Kenako unafika mwezi wa Juni. Amene simunagonepo kudambo la ku Mchinji m'nyengo imeneyi simukudziwa chisanu. M'mawa udzu umachita kuyera, masamba a nthochi n'kupserera ngati wina wawawaula. Ndinkalawirira kudamu ndisanalowe m'shedi yosankhira fodya, nthunzi ikufuka pamadzi, zala zitauma mwakuti kutunga nyongolotsi inali nkhondo. Ndinkaponya n'kudikira, koma kabango koyandama ka pachingwe cha mbedza kanali zii. Ndinasintha nyambo, ndinayesa chiswe, ndinayesa madeya, milamba ndinaipatsa matumbo a nkhuku. Ngakhale katemba kamodzi kondipepesa panalibe.

Anzanga onse anali atasiya kupita kudamu, ine n'kumati ndi ulesi woopa kuzizira. A Tembo, bambo wachikulire woyandikana nafe nyumba amene anakhalitsa pa esitetipo, anandipeza tsiku lina ndikuotha dzuwa nkhope ili gwa.

“Achimwene, musadzizunze,” anatero. “Madzi akazizira chonchi nsomba zimatsikira pansi, sizidya. Dikirani mitengo iphuke.”

Ndinawayankha mwaulemu, koma mumtima ndinawaseka. Munthu wobadwira kumtunda, wosaonapo bwato chibadwire, angandiphunzitse nsomba ine mwana wa ku Chilwa? Kwathu mu Juni momwemo tinkapha nsomba. Choncho ndinatsimikiza kuti vuto silinali m'madzi.

Kunyanja tinakula tikumva akuluakulu akunena kuti msodzi akamabwerako chimanjamanja masiku otsatizana, zida zake zili bwinobwino, ayang'ane kunyumba, chifukwa ndiye kuti mkazi wake wayamba kuyenda njira zamseri. Mawu amenewa anali atagona mwa ine zaka zonsezi, ndipo chisanu chija chinawadzutsa. Inu owerenga, munthu wofuna chifukwa sachisowa. Panali mnyamata wina wogulitsa zitenje zochokera kumalire, amene ankayenda panjinga nyumba ndi nyumba, pakamwa pake pali potsekemera ngati pa ogulitsa onse. M'mawa wina ndikuchokera kudamu wopanda kanthu, mano akugundana, ndinamva Nambewe akuseka. Anali pagulu la amayi anzake, onse akuseka nthabwala za wazitenje uja, koma makutu anga anatola kuseka kwa iye yekha.

Sindinamumenye ndipo sindinamutukwane. Ndinachita choposa pamenepo. Madzulo ake ndinamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo asamathirenso mchere m'ndiwo zimene ine ndidye. Inu a kuno mukudziwa tanthauzo lake. Amati mkazi amene wagona kunja akathira mchere, mwamuna amadwala mdulo. Kumuletsa mchere kunali kumutcha wachigololo popanda kutchula liwulo.

Anaima chigwirire chipande, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Abambo a Tadala, mukundiyesa chiyani? Ine mwamuna wina sindimudziwa, Mulungu ndi mboni.”

Ndinamuyankha kuti nsomba zandiuza kale.

Pamzere wa matenanti palibe chobisika. Amayi amagawana ndiwo, ndipo sipanatenge nthawi kuti adabwe ndi ndiwo zosakolera za kwa Nambewe. Ena anandiona ndikutulutsa mchere wanga wokulunga m'kapepala. Nkhani inayenda yokha. Kushedi amayi anayamba kukhala momutalikira, kumjigo akafika nkhani zinkaduka. Wazitenje uja anangomva mphekesera n'kusiya kubwera, ine n'kuti mwaona, wathawa. Nambewe anandiuzanso kachiwiri, kachitatu, misozi ili mbwembwembwe, kuti sanalakwe. Ine ndinkangotenga bango langa n'kutuluka. Anaonda ndikuona, ndipo ndinkati ndi chikumbumtima chikumudya.

Fodya atapita kumsika, atsibweni ake anabwera panjinga kuchokera ku Kapondo. Anandifunsa modekha kuti ndinamugwira ndi ndani, liti, kuti. Ndinalibe dzina, ndinalibe tsiku, ndinangoti ine ndine msodzi ndipo ndikudziwa chimene ndikunena. Bamboyo anapukusa mutu, anamanga kamtolo ka zovala pakaliyala, ndipo Nambewe anawatsatira pambuyo ndi mwana. Sanacheuke.

Tsono tamverani mmene tsoka limapusitsira munthu. Mu Seputembala kunja kutafunda, nsomba zinayambanso kudya. Tsiku lina ndinakoka mlamba waukulu umene sindinauonepo pa damu lija. Ndinaunyamula paphewa n'kudutsa nawo mzere wonse pang'onopang'ono kuti aliyense aone kuti mkazi woipa atachoka mwayi wanga wabwerera. A Tembo anangoyang'ana pansi. Mlamba uja ndinauphika ndekha, unapserera mbali imodzi, ndipo ndinaudya ndekha mpaka unandikola. Kunena zoona, ngakhale nthawi imene ndinkadziyesa wopambanayo, ndikamakwera chitunda kuchokera kudamu maso anga ankafunafuna munthu panjira paja. Ndinkamusowa koopsa, koma ndinkadziuza kuti mwamuna salirira mkazi wotere.

Mvula inabwera n'kupita, Juni wina n'kufika. Ndinalawirira kudamu monga kale, ndinaponya, ndipo kabango kanali zii. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Poyamba mtima unathamangira kumene unazolowera, kuti kodi kunyumba kwachitikanso chiyani. Kenako ndinakumbuka kuti kunyumbako kulibe munthu. Munali mphasa, ndowa ndi mbewa basi. Ndinapisa dzanja m'madzi, ndipo anandiluma mpaka m'fupa. Apo m'pamene zinanditsekukira. Ukonde wa kwathu umakokolola nsomba yokhuta ndi yanjala yomwe, n'chifukwa chake tinkapha ngakhale mu Juni, pamene mbedza imadikira nsomba imene ikufuna kudya. Chinthu choti mwana wa sukulu akanachiona, ine katswiri chinandidutsa. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa uja n'kulira mokweza ngati pamaliro.

Loweruka lomwelo ndinabwereka njinga ya a Tembo n'kupalasa ulendo wa ku Kapondo. Ndikuvomereza kuti m'njiramo ndinkamwetulira ndekha, poganiza kuti ndanyamula uthenga wabwino. Ndinawapeza akuthothola mtedza pabwalo. Atsibweni anandiyalira mphasa, Nambewe anabwera n'kugwada chapatali monga amachitira kwa mlendo. Tadala, amene anali atatalika ndithu, anabisala kumbuyo kwa amayi ake akundisuzumira. Ndinafotokoza zonse, za chisanu, za ukonde ndi mbedza, za Juni wachiwiri uja. Ndinamaliza ndi kunena kuti tsopano ndadziwa kuti sanalakwe, ndipo ndabwera kudzamutenga.

Nambewe anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako analankhula motsitsa mawu, manja ali pamiyendo.

“Ndiye kuti nsomba zomwe zija zandichitiranso umboni? Ine ndinakuuzani ndi pakamwa panga, ndikulira, simunamve. Zinandinamizira munazimvera, lero zandiyeretsa mwazimveranso. Nanga ine mudzandimvera liti?”

Atsibweni anati mwiniwake wanena, iwo sangamukakamize. Ndinabwerera ndikukankha njinga, mphamvu yopalasa nditaisowa.

Nditafika ndinayenda khomo ndi khomo pamzere wathu kuuza anthu kuti mkazi uja ndinamunamizira. Ena anandimvera chisoni, ena anati ankadziwa kale. Koma mawu ali ngati madzi otayikira pamchenga, ndipo amayi ena a kumjigo mpaka pano akamutchula amatsitsa mawu. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti Nambewe sanakwatiwenso. Akanakhala ndi wina bwenzi ndikuti ndalandidwa. Palibe wandilanda. Iye wangoona kuti kukhala yekha kuli bwino kusiyana ndi kukhala ndi ine.

Inu owerenga, zimene tinamva kwa akuluakulu kwathu zinali ndi malo ake, ndipo si zonse zimene zimawoloka nafe tikasamuka. Mukafika dera lachilendo, amene mwawapeza akakuuzani za nyengo yawo, mverani, ngakhale muziyesa kuti ntchitoyo munabadwa nayo. Chinthu chikakukanikani, yambani mwafunsa madzi, nyambo ndi mwezi musanaloze chala munthu amene mumafunda naye bulangete limodzi. Ndipo mkazi wanu akakuyang'anani m'maso n'kunena kuti sanachite, mukhulupirireni tsiku lomwelo, akadali m'nyumba mwanu.

Ine ndimapitabe ku Kapondo mwezi ukatha kukaona mwana. Nambewe amandilonjera mwaulemu, amandifunsa za ulendo, kenako amalowa m'nyumba mpaka nditanyamuka. Sanandilonjeze kanthu. Koma ndikafika pokhotera ndimatsika panjinga n'kuima pang'ono, kuti mwina tsiku lina adzatuluka kudzandiitana.