Miyendo Yokana Kuima

Ndinayamba kuzimva ndi phewa, maso asanaone kanthu. Linali Lachisanu, titaima pamzere wa swala mu mzikiti wina wa ku Old Airport, phewa kukhudza phewa. Kumanja kwanga kunali achimwene amene ndinkakhala nawo chipinda chimodzi. Sitinali pachibale, koma tonse kwathu ndi ku Machinga, ndipo ndiwo anandilandira nditangofika ku Doha kudzayendetsa galimoto. Imamu akuwerenga, ndinamva kunjenjemera kukuchokera mwa iwo, ngati foni ikuitana mwakachetechete m'thumba. Mkanjo wawo sunkagwedezeka ngakhale pang'ono, koma zala zakuphazi zinali zitakanirira pakapeti. Titawerama, kunjenjemerako kunaleka.

Potuluka ndinawafunsa ngati anaiwala kuzimitsa foni.

"Foni ndaisiya kunyumba," anatero, akuyenda mwandawala. "Ndi miyendo, mphwanga. Ndikamayenda ilibe vuto, ndikakhala ilibe vuto. Ndikangoima, imayamba. Usauze munthu."

Ndinamvetsa chifukwa chake. Achimwene anali mlonda wapakhomo pa hotelo ina ku Pearl, ndipo ntchito yawo yonse inali kuima: manja kumbuyo, nkhope yomwetulira, mpaka shifiti ithe. Anali ataphunzira kubisa. Ankathamangira zikwama za alendo zomwe sizinali ntchito yawo, ankayendayenda ngati akuyang'ana galimoto, ndipo pakakhala popanda munthu ankatsamira chipilala. Koma pakhomo paja pali makamera. Tsiku lina supavaiza anawaitana n'kuwaonetsa chithunzi chawo atatsamira.

"Mwatopa, bambo? Mukatopa nenani, pali ambiri akufuna malo amenewa."

Ndinawakakamiza kupita kuchipatala pa tsiku lathu lopuma. Anatitumiza uku ndi uku mpaka tinafika kwa dokotala wa mitsempha, mayi wolankhula motsitsa. Anawauza kuti aime, n'kuika chomvetsera mtima chija pantchafu pawo. Anamvetsera, kenako anandipatsa ine kuti ndimve. Munali phokoso la helikopita ili patali, thi-thi-thi-thi, mofulumira, mkati mwa mwendo wa munthu woima chilili.

Atawayezanso ndi mawaya, dokotala anati matendawa ndi osowa kwambiri, ndipo gwero lake si miyendo koma ubongo. Anati mankhwala alipo ochepetsako, ochiritsa palibe, ndipo mwa anthu ambiri amakula pang'onopang'ono. Achimwene anafunsa ngati kulibe china chilichonse. Mayiyo anazengereza, kenako anati kumayiko ena akatswiri akufufuza njira ina. Amaika kachipangizo pamutu, n'kutumiza phokoso lomwe khutu silimva, longa la sikani ya amayi oyembekezera, kuti likafike pamalo a ubongo amene asokonekera. Sang'amba, saboola chigaza.

"Koma akungoyesa," anatero. "Sitikudziwa ngati zidzathandize, ndipo ine sindingakulembereni zimenezo."

Mawu akuti akungoyesa achimwene sanawamve. Anamva akuti sang'amba. Kuyambira pamenepo foni sinkachoka m'manja mwawo. Ankandionetsa zithunzi za anthu atakhala pampando, kachipangizo kali kunkhongo, n'kundiuza kuti ndiwamasulire Chingerezi chovutacho. Ndinkawerenga n'kupeza zomwe dokotala ananena zija: anthu ochepa, zotsatira zosadziwika. Iwo ankangoti, "Inshallah zifika kuno. Kuno zinthu zimafika msanga."

Mankhwala aja ankawagonetsa tulo. Akamwa, maso ankalemera pa ntchito. Akasiya, miyendo inkabwerera ndi ukali. Ankasankha m'mawa uliwonse chomwe supavaiza aone.

Zinaphulika tsiku la ukwati wa anthu olemera. Alonda anauzidwa kuti aime mizere iwiri pakhomo, osasuntha, mpaka akwati atsike m'galimoto. Galimotoyo inachedwa. Mnzawo amene anaima pafupi anandiuza pambuyo pake kuti anaona thukuta likutsika m'khosi mwa achimwene, ngakhale pakhomopo pamawomba mphepo yozizira. Kenako achimwene anangochoka pamzere n'kuyamba kuyenda. Anadutsa pakati pa ojambula, kuzungulira maluwa a pabwalo, kubwerera, kuzunguliranso, supavaiza akunong'ona mwaukali kuti "Yalla, msanga, bwererani!" Akanaima, anandiuza okha, akanagwa pamaso pa mkwatibwi.

Sanawachotse tsiku lomwelo. Anawatsitsira kumalo oimika magalimoto pansi pa hotelo, komwe mlonda amayendayenda. Kwa kanthawi tinapuma. Koma ndinayamba kuona kuti ngakhale kuyenda pang'onopang'ono kwayamba kuwavuta. Ankasamba atakhala pandowa yovundikira. Kumzikiti anayamba kuswali pampando, kumapeto kwa mzere, pamodzi ndi nkhalamba. Kontirakiti itatha, anauzidwa kuti khalasi, basi zatha, sawapatsa ina.

Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege masana. Mzere wopereka katundu unali wautali, wosayenda. Ine ndinaima ndi sutikesi yawo, iwo akuyenda kuchokera pamene ndinali kukafika kuchipupa n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Wachitetezo wina anayamba kuwatsata ndi maso, kenako analankhula m'kawailesi kake. Ndinapita kukamufotokozera kuti bambowa akudwala. Anawayang'ana akuyenda mwamphamvu chonchija, n'kundiyang'ana ine. Sanandikhulupirire, komabe anawabweretsera njinga ya odwala. Achimwene anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali asanakhalepo.

"Ukamva kuti zapamutu zija zafika, undiimbire," anatero wachitetezoyo akuwakankha. "Ndidzabwera."

Timalankhulana pafoni. Kwawo anthu akuti analodzedwa ku Arabu, poti munthu woyenda bwinobwino angalephere bwanji kuima pamaliro. Ulendo wathawu sanafunse za kafukufuku. Anandiuza kuti anaimirira kuti alandire kapu ya tiyi kwa alamu, akazi awo, ndipo tiyiyo anatayika yekha.

"Zakwera, mphwanga," anatero. "Zafika m'manja."