Mgolo wa pa Chigayo cha ku Chinsapo

"Ayi, hedi ya injini sititsegula lero," anatero Bambo Abasi. "Ku Joni kwanuko munthu akatsokomola mumayamba ndi kumung'amba pamimba?"

Rodney anangoluma mano. Anakhala zaka zisanu ku Durban akutsuka maboti a matanga, ndipo pobwerera mu 2006 anatenga injini yakale ya boti lina n'kuimangirira pa chigayo ku Chinsapo. Mumtima anali atagamula kale kuti chigayochi chikakanika, akwera basi kubwerera ku Durban. Tsono kwa miyezi iwiri injiniyo inkamwa madzi ake obiriwira oiziziritsa, kapu imodzi pa masiku awiri, koma pansi pali pouma gwa.

Bambo Abasi anali makaniko wa ku Biwi, kwawo ku Machinga. Ntchito anaiphunzirira pa mathirakitala a kuesiteti ya fodya, buku la injini sanalitsegulepo. A maminibasi ankawathawa chifukwa chochedwa, komabe galimoto ikazunguza amakaniko onse inkathera kwa iwo.

Tsiku loyamba anayala katoni pansi pa injini, nalemba mzere ndi msomali pa kathanki ka madzi. Atabweranso mkuja wake, katoni inali youma, madzi atatsika chala chimodzi. Anasolola kandodo ka oyilo: wakuda bwinobwino, wosayera ngati tiyi wamkaka. Ananunkhiza utsi, napukusa mutu.

"Tingoswerapo dzira, madala, monga amachitira anzanu pa rediyeta," anatero Rodney mwachipongwe.

"Dzira limamata bowo limene waliona. Lakolo ukadyere buledi."

Bambo Abasi anakhala pa njerwa n'kumangoyang'ana injini ikulira. Rodney anazungulira chigayo kanayi, maganizo ali kale pa boda ya Dedza.

"Mgolo uwu ndi wachiyani?" anafunsa mkuluyo.

"Ndiyo nyanja yake. Injini ya m'boti ilibe rediyeta. Imakoka madzi a m'nyanja, adutse m'timapaipi kuziziritsa obiriwirawo, kenako iwalavule. Ine ndinaika mgolo kuti azingozungulira."

"Ndiye madzi awiriwa amayenda moyandikana?"

"Eya, koma sakhudzana."

"Anakuuza ndani?"

Anaviika chala mumgolomo, nachigunditsa palilime, nalavula pambali.

"Akutsekemera ngati obiriwira aja, mphwanga: akudonthera muno. Kunyanjako akanapita ndi mafunde osaonedwa ndi munthu. Iwe nyanja yako unaitsekera mumgolo."

Anamasula mtolo wa timapaipi tija, nauviika m'beseni, n'kumauzira kamodzikamodzi atatseka kunsi ndi chala. Kachisanu ndi chiwiri kanatulutsa tithovu. Anakawotcherera mbali zonse ziwiri, nati totsalato tikwanira.

Rodney anayang'anitsitsa kapaipi kaja. Injiniyo anailongosola yekha, ndi pakamwa pake, koma funso lija silinamufikepo m'mutu.

Patatha sabata madzi anali akadali pamzere. Popita kunyumba Rodney anaima pa okala ya Mayi Vaileti, nasankha loko wamng'ono wamkuwa. Chiyambire, chitseko cha chigayo ankangochimanga ndi waya. Lokoyo anamuyesa kawiri, nalipira, namuika m'thumba la malaya.