Loweruka Limene Tiyi Anandikaniza

Nyumba imene tikukhala si yathu. Ndi ya esiteti, ili mumzera wa nyumba zofanana zokhazokha kukomboni, ndipo inalembedwa pa nambala yanga ya ntchito. Kale inali pa nambala ya bambo a ana anga, koma chiwavutireni mwendo ntchito anasiya, ndiye denga la ana athu linasamukira pamsana pangapa, pamene pamakhala dengu la tiyi. Sindikudandaula ayi. Mulungu watisunga mmenemu, ana akulira mmenemu, ndipo mvula ikamagwa sitinyowa. Ndangoyamba ndi nyumbayi kuti mumvetse zimene zinandichitikira.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Kuchokera pamenepo cholembera ndinkachigwira posaina basi. Ndiye tsiku lina kutchalitchi, mwezi wa Juni, chiperoni chili tsetsetse panja, analengeza kuti kwabwera mphunzitsi amene akufuna kumaphunzitsa akuluakulu kulemba nkhani, Loweruka lililonse masana, m'kalasi ya pulayimale ya kufupi ndi ku Luchenza. Anati ngakhale wodziwa kulemba pang'ono chabe abwere. Mawu akuti "pang'ono chabe" amenewo ndi amene anandikoka. Nyengo yozizira tiyi amagona, masamba amachepa, ndipo Loweruka tinkaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Ndinauza bambo a ana anga, iwo n'kuti, "Pitani mayi, mwina mukatilemba ifenso tidziwike."

Aphunzitsi athu anali mayi wachitsikana, wophunzitsa kusekondale, wochokera ku Kasungu. Kuno anali asanathe ndi chaka chomwe. Anali munthu wodekha, wotilemekeza ngati amayi ake. Ifeyo tinali osakanikirana: otchola tiyi ambiri, alonda angapo, namwino mmodzi, ndi mayi wina wogulitsa nthochi wa ku Khonjeni amene anakhala mnzanga wa pabenchi. Mabenchiwo ndi a ana, ndiye ife anthu a matupi tinkachita kulowamo chammbali. Mnzangayo tsiku loyamba anakanirira, n'kufuula kuti, "Aphunzitsi, ine ndalowa koma kutuluka muitane akalipentala!" Tinaseka mpaka manyazi onse anathera pomwepo.

Anatiphunzitsa kuti nkhani zili mitundu iwiri: yopeka, imene umaiumba wekha m'mutu, ndi yochitikadi, imene umailemba mmene unaionera. Mnzanga uja anasankha zopeka nthawi yomweyo.

"Ine kunama ndi ntchito yanga," anatero. "Tsiku lililonse ndimauza anthu kuti nthochi zapsera mumtengo."

Ine ndinaopa zopeka. Ndinafunsa ngati si tchimo. Aphunzitsi anandiyankha kuti nawonso mafanizo a m'Baibulo ndi nkhani zoumbidwa kuti ziphunzitse, koma ngati mtima wanga uli pa zochitikadi, ndilembe zomwezo. Anati ndisayambe ndi mawu akuluakulu. Ndilembe chinthu chimene ndinachiona ndi maso, kuchinunkhiza, kuchigwira.

Ndinalemba za kalongonda. Amene si a kuno mwina samudziwa: ndi nyemba zikuluzikulu zimene ife Alomwe timadya, zimene makolo athu anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki. Kalongonda saphikidwa mothamanga. Umamuwiritsa, kutaya madzi, kumusenda, kuwiritsanso, kutayanso madzi, tsiku lonse lathunthu. Ukamufupikitsa amakuzunguza mutu ngati wamwa kachasu. Ndiye ndili mtsikana, achimwene anga anabwera ndi mkazi wawo wa ku Dedza kudzamuonetsa kwathu. Mlamu wangayo pofuna kusangalatsa apongozi ake anadzuka m'mamawa ife titapita kumunda, n'kuphika kalongonda ngati nyemba wamba, kuthira tomato ndi anyezi bwinobwino. Mayi anga anazindikira atangolawa, koma anaopa kuchititsa manyazi mlendo, ndiye anameza. Ife poona mayi akudya tinadyanso. Pofika madzulo nyumba yonse inali dzandidzandi, ndipo bambo anga, munthu amene mowa sanaulawepo, anapezeka ataima pakhola atavula chipewa, akupereka moni waulemu kwa mbuzi.

Nkhani imeneyi ndinailemba kambirimbiri. Aphunzitsi ankaibweza ndi mafunso m'mphepete: mphikawo unali wotani, mlamuyo anavala chiyani, mayi anu nkhope yawo inaoneka bwanji pomeza? Ndikamayankha mafunsowo mayi anga ankabwerera. Ndinakumbukira mpango wawo wobiriwira umene ndinauiwala zaka zonsezi, ndi mmene ankapukutira pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anamwalira kalekale, chithunzi chawo tilibe. Papepala paja ndi pamene ndinawaonanso, ndipo ndinagwada n'kuthokoza Mulungu.

Chakumapeto kwa Okutobala, kukutentha, aphunzitsi anabwera ndi nkhope yowala. Anati apeza alendo ochokera ku Blantyre, anthu okonda mabuku, amene avomera kudzamva nkhani zathu. Aliyense adzaimirira kutsogolo n'kuwerenga yake ndi pakamwa pake, abale athu ali pompo. Alendowo anali ndi mpata Loweruka lina pakati pa Januwale, ndipo aphunzitsiwo anali atavomera kale.

"Tsikuli lili bwino kwa nonse?" anafunsa.

Inu, m'kalasimo munali anthu otchola tiyi oposa theka. Tonse tinkadziwa kuti Januwale ndi chiyani. Koma tinaleredwa kuti mphunzitsi akaima kutsogolo n'kufunsa, umayankha pamodzi ndi anzako. Ndiponso munthu wavutikira kutipezera alendo, wasangalala chonchi, iwe n'kuimika dzanja kuti sizitheka? Ndinayang'ana mnzanga wa kumunda amene anakhala kutsogolo kwanga, iye anayang'ana alonda, alonda anayang'ana pansi. Kenako tonse, ngati ana a Sitandade 1, tinati, "Eee, aphunzitsi!"

Potuluka mnzanga wa nthochi anandigwira pamkono. "Achemwali, inu Januwale mumapuma?"

"Mulungu adzakonza," ndinatero.

"Mulungu ndi amene amagwetsa mvulayo," anatero iye.

Mvula inabwera, ndipo inabwera yabwino. Tiyi anadzuka. Amene sanatcholepo sangamvetse mmene tiyi amathamangira nyengo imeneyi. Munda umene mwautchola lero, mukamamaliza minda inayo n'kubwererako mumaupeza waphukanso ngati simunaukhudze. Timatchola masamba awiri ndi kansonga kake, ndipo mukachedwa masambawo amakhwima, kufakitale amawakana. Timalowa m'mizere kusanache bwino, pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana, mame ndi mvula mpaka m'mafupa. Kutchola, kukayeza pasikelo, kubwerera, kutcholanso. Loweruka limasanduka ngati Lachiwiri. Kalasi ndinayamba kujomba mu Disembala. Ndinkatumiza pepala langa kudzera kwa mnzanga uja tikakumana kutchalitchi, iye n'kundibweretsera mafunso a aphunzitsi Lamulungu linalo. Zala zinali zitang'ambika m'mphepete mwa zikhadabo, moti cholembera ndinkachigwira ngati khasu.

Aphunzitsi anadzazindikira okha ataona mabenchi ali mbee. Ananditumizira uthenga wopepesa, kuti anayesa kusuntha tsiku koma alendo anali atakonza kale ulendo wawo. Anati, "Mukanandiuza, mayi." Zoona, tikanawauza.

Sabata ya tsikulo ndinalimba mtima n'kupita kwa akapitawo athu, amene amayang'anira gulu lathu kumunda. Ndi bambo wachikulire, timapemphera mpingo umodzi. Ndinawapeza pasikelo.

"Akapitawo, ndimati ndipemphe Loweruka likubwerali. Theka la tsiku lokha."

"Maliro?"

"Ayi."

"Chipatala?"

"Ayi, n'kusukulu."

"Mwana walakwanso chiyani?"

"Si mwana, ndine. Ndikukawerenga nkhani imene ndinalemba."

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono, koma osati monyoza. "Ndiye tili ndi alembi m'gulu muno ife osadziwa? Mwandilembamo ine?"

"Ayi, ndalemba za mayi anga."

"Mwachita bwino, ine mukanandinamizira." Kenako analoza kumunda ndi ndodo yawo. "Mayi, taonani uko. Tiyi ameneyo mukamuuza kuti adikire Lolemba akumverani? Loweruka tili kumunda wa kuphiri, wachedwa kale. Ine sindikumangani, miyendo ndi yanu. Koma mukudziwa mmene zimakhalira. Wojomba mwezi uno, kuofesi amamukumbukira mvula ikatha, pamene akuchepetsa anthu. Ndipo kiyi wa nyumba amatsata nambala. Ndikakubisirani inu, mawa abwera khumi."

Sananame. Ndinaonapo mabanja akutulutsa katundu kukomboni mu Meyi, mphasa ndi ndowa zili pamsewu, akudikira kabaza wowapititsa kumudzi kumene minda yawo anagawana kale ena. Ife kwathu ku Kapichi kamunda kamene kanatsala n'kosakwana ndi pomanga khola.

Mnzanga wa nthochi atamva anati, "Inunso achemwali! Bwanji osangonena kuti kuli maliro ku Khonjeni? Ine ndibwera ndidzalire pageti, ndimatha."

Ndinaseka, koma ndinakana. Imfa sitiitana ndi pakamwa. Ukanamizira maliro, tsiku limene adzagwe enieni udzalira ndi mantha. Bambo a ana anga nawo anati ndipite, zinazo tidzaona. Koma ankanena akuyang'ana kudenga, ndipo ine ndinaona chimene ankayang'ana. Ndinapemphera kuti mwina thirakitala yonyamula masamba iwonongeke, kapena mvula igwe yoti sitingalowe m'munda. Pambuyo pake ndinachita manyazi ndi pemphero lotero, chifukwa tsiku lopanda ntchito ndi njala kwa anzanga. Ndinangoti, Ambuye, mukudziwa ndinu.

Loweruka kunacha bwino, kopanda ndi kamtambo komwe. Diresi yanga ya kutchalitchi ndinali nditaisita Lachinayi, ili pamsomali. Ndinaiyang'ana, n'kumanga pulasitiki m'chiuno. Pepala ndinapatsa bambo a ana anga kuti mnzanga akadutsa pa kabaza amupatsire.

Munda wa kuphiri uli pamtunda, ndipo ukaima pamenepo umaona kutali, mpaka malata a ku Luchenza akunyezimira. Sukuluyo sinkaoneka, koma ndinkadziwa pamene ili, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Dzuwa litapendeka ndinadziwa kuti ayamba. Tiyi anandizungulira mbali zonse, wofika m'chiuno, wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, ndipo mumzera ukalowamo njira ndi kutsogolo basi. Manja ankatchola okha. Ndinayamba kuinena nkhani yanga chamumtima, kuyambira pa mpango wa mayi anga, chifukwa ndinali nditailoweza yonse. Milomo iyenera kuti inkagwedera, pakuti mayi wa mzera woyandikana nane anafunsa m'Chilomwe ngati ndikupemphera. Ndinati eya. Anandisiya. Nditafika pa bambo anga ndi mbuzi, pamene ndinkayembekeza kuti anthu adzaseke, panalibe woseka. Kunangomveka kuthetheka kwa masamba ndi akapitawo akuitana kuti tikayeze.

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi, mnzanga anandikokera pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Achemwali, mwaphonya! Otchola tiyi sanabwere ndi mmodzi yemwe. Tinalipo ine, anamwino ndi alonda, ndiye aphunzitsi anatigawira mapepala anu. Yanu ndinawerenga ndine."

"Munawerenga bwino?"

"Ndinakakamira pawiri, zolemba zanu zili ngati mapazi a nkhuku. Koma pa mbuzi paja! Bambo wina wa ku Blantyre anachita kuvula magalasi, kuseka mpaka misozi. Ndiye pamene mayi anu ankameza kalongonda kuti mlendo asachite manyazi, m'kalasi munangoti zii. Nditatha, bambo aja anafunsa kuti mwini nkhaniyi ali kuti."

"Munati chiyani?"

"Ndinati ali kutiyi."

Anandibwezera pepala lija lili ndi madontho a utomoni wa nthochi, amene sachoka. Pansi pake aphunzitsi analembapo kuti kalasi idzayambanso mu Juni, ndipo tsiku lowerenga tidzasankha tokha. Koma Epulo asanathe anawasamutsira kusukulu ina kutali, ndipo amene angatenge malo awo sanapezeke mpaka lero. Ndimawapempherera kulikonse kumene ali. Anandipatsa chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho.

Mvula itatha anachepetsa anthu monga mwa chaka chilichonse. Nambala yanga inatsala. Kiyi tikadali naye, ana akugona pouma, ndipo ndikuthokoza Mulungu ndi mtima wonse, pakuti ena anatuluka. Koma sindibisa, nkhani ya mayi anga inamveka m'mawu a munthu wina, anthu anaseka ine kulibe, ndipo mpaka lero sindinaimepo kutsogolo kwa anthu n'kuwerenga chimene ndinalemba. Ndimalembabe Lamulungu masana, zala zikalola. Izi ndalemba mu Julayi, chiperoni chili panja, tiyi ali m'tulo. Ndikufulumira kuti ndimalize, chifukwa kumunda wa kuphiri adulira kale tiyi, ndipo mvula yoyamba ikangogwa aphukanso.