Mkanjo wa malemu pa makina a fundi Joachim

Mukafika ku Tandale, mu mzinda wa Dar ku Tanzania, musavutike ndi dzina lawo lonse. Ingofunsani fundi wa abusa, akulozerani kakhonde kena kuseri kwa ogulitsa nthochi. Pamenepo mupeza a Joachim Kamwendo atawerama pa makina osokera, tepi yopimira ili m'khosi.

Anabadwira mu Dar momwemu. Bambo awo anachoka ku Dedza kalekale kudzanyamula katundu kudoko, osabwereranso, n'chifukwa chake Chichewa cha a Joachim n'chothira Chiswahili mosaumira. Zaka makumi atatu akhala akusokera mpingo wa Lutheran mayunifolomu a kwaya, nsalu za paguwa ndi mikanjo. Mipingo ya kunja ikatumiza mikanjo, imabwera yolemera, yosokedwera chisanu cha kwawoko, ndipo ndi iwowa amene amaisomola mkati kuti m'busa asakomokere paguwa. Ophunzira ubusa ochokera ku Malawi, ku Zambia, ku Kongo, ambiri adutsa pa tepi imeneyi. Mayina amaiwala, koma mapewa a munthu saiwala.

Ine ndine Marita, ndimagula zitenje ku Kariakoo n'kukagulitsa ku Limbe. Pakamwa ndili napo, sindikana. Fundiyu ndinamudziwa bwino chifukwa cha Filipo, mwana wa achimwene anga.

Filipo anaphunzira ubusa kuno ku Tanzania mwa mgwirizano wa mpingo wathu ndi mpingo wina wa ku Jeremani. Mphunzitsi amene ankamukonda kwambiri anali m'busa wachijeremani, chimunthu chachitali, amene anamwalira atabwerera kwawo. Chaka chatha, Filipo ali pafupi kupita kumudzi kukadzozedwa, mkazi wa malemuyo, mayi Gisela, anabwera ndi nthumwi za mpingo wawo ku msonkhano wa ku Ubungo. M'sutikesi anali atanyamula mkanjo wa amuna awo kuti Filipo akadzozedwe atavala umenewo.

Nditamva ndinalumpha. "Iwe Filipo, mutu ukugwira? Zovala za malemu amagawana ndi achibale. Mzunguyu anakhala mbale wako liti? Amako akangomva, m'tchalitchimo sakalowa!"

Sindinkanama ayi, alamu anga ndimawadziwa. Filipo anasowa pogwira. Akane mkanjo, aswa mtima wa mayi wamasiye amene wawoloka nawo nyanja. Auvale, amayi ake omubereka sadzakhalapo pa tsiku lake lalikulu. Ndipo basi yake inali yonyamuka pa depoti ya ku Mbezi Lachisanu.

Nzeru yanga inali yachidule. Fundi asoke wina wofanana, wa malemuwo utsale ku Tandale, mayi Gisela adzaone pa chithunzi n'kusangalala. Lachitatu m'mawa tinakwera daladala, minibasi ya kuno, mkanjo uli m'jumbo.

A Joachim anautambasula patebulo n'kuusisita. Anatembenuza kolala, n'kutionetsa kachigamba ka ulusi wakuda. "Apa ndinasoka ndine," anatero. "Abusa amenewa thukuta linkawadyera kolala chaka ndi chaka." Nditawafotokozera nzeru yanga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mama Marita, makina angawa sanasokepo bodza. Sayambira pa inu."

Manyazi anandigwira koma sindinagonje. "Ndiye mwanayu akadzozedwe amake ali kunyumba?"

"Inu mwati chovala cha malemu amavala wachibale. Sawa. Nanga mayi Gisela mwawauza zimenezo, kapena mwangowaganizira?"

Zoona, palibe amene anali atawauza. Tonse tinkangomwetulira, kuopa kukhumudwitsa alendo.

Masana omwewo Filipo anakawatenga mayi Gisela. Anafika atafiira ndi dzuwa, n'kukhala pa mpando wa makasitomala pakati pa zidutswa za nsalu. A Joachim analankhula pang'onopang'ono, Filipo akumasulira, ndipo sanapite m'mbali. Anati kwathu chovala cha womwalira si mphatso yoperekera pa msonkhano anthu akuomba m'manja. Chimayamba chachapidwa, kenako mwini maliro amachipereka kwa mwana wa m'nyumba, mboni zikuona.

"Ngati mnyamatayu ndi wophunzira chabe wa amuna anu," anatero, "mkanjo ubwerere nanu, palibe amene akwiye. Ngati ndi mwana wanu, nenani azakhali akewa akumva, akafotokoze kumudzi."

Mayo ine! Mumtima ndinati basi, ubale wa mipingo iwiri wathera pakhonde la telala.

Mayi Gisela anafunsa ngati pali beseni. Mama Mwanaima, wogulitsa mandasi pafupi pomwepo, anabweretsa beseni ndi sopo osafunsa kuti n'zanji. Mayi wachijeremaniyo anagwada pasimenti n'kuchapa yekha mkanjo wa mwamuna wake, misozi ikugwera m'thovu momwemo. Ine amene ndinabwera kudzaubisa ndinangopezeka ndikumuthandiza kufinya. Ndinalira, sindibisa.

Dzuwa la ku Dar silichedwa. Lachinayi m'mawa mkanjo unali utauma, ndipo tinakumananso. Mayi Gisela anaupinda, n'kuupereka ndi manja awiri monga momwe fundi anawalangizira. "Ife sitinabereke," anatero. Filipo anamasulira mawu amenewo, koma otsatirawo anamukanika. Anachita kumalizitsa ndi a Joachim, amene Chingelezi chawo n'chochepa koma apa anamva: "Akuti uyu ndi wathu."

Filipo atauvala, mkanjowo unkakwekweretsa pansi, manja ake osaoneka. Fundi anagwada, n'kulemba mzere ndi choko kuzungulira m'munsi. Atatha sanadule. Anatembenuza sizasi n'kupatsa mayi Gisela. "Chovala cha amuna anu sindingayambe ine. Yambani inu, ine ndimalizitsa." Mayi Gisela anadula.

Makina atayamba kulira, a Joachim anandilozera foni yanga ndi chibwano. "Mboni, gwirani ntchito."

Ndinaimbira alamu anga kumudzi. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za bodza langa lija.

"Achapa okha?" anafunsa.

"Okha, alamu. Atagwada."

Anapumira m'mwamba. "Ndiye auvale. Koma muwauze amayi ake achizunguwo kuti asathawire kwawo. Abwere adzakhale nane pa benchi limodzi, ndisadzalire ndekha."