Chaka Chimene a Malsun Anabisa Manja

Amake Gyuri, dzina lawo a Pyo Malsun, akhala akuyanika miyeok ku Gijang kwa zaka makumi atatu. Chisanu chikafika, amuna amakavuula masamba aatali otererawo m'nyanja, iwo n'kumawayala pa ukonde mpaka zala kuchita ming'alu. Ndi manja omwewo analera okha mwana wawo mmodzi yekhayo, Gyuri, mpaka kumufikitsa ku sukulu ya unamwino ku Busan.

Kwathu kuno aliyense amadziwa zinthu ziwiri. Tsiku lako lobadwa umamwa msuzi wa miyeok, pokumbukira mayi ako amene anaumwa ali m'chikuta. Koma ukakhala ndi mayeso suuyandikira n'komwe, chifukwa ndi woterera, ungaterereke nawo. Tsono mayeso a boma a anamwino amalembedwa kamodzi pachaka, mu Januwale, ndipo chaka chathachi anagwera pa tsiku lobadwa la Gyuri.

Mayiwo ankadziwa, tisawanamizire. Koma mwana amene wamuphikira msuziwo chaka ndi chaka, ungamutulutse bwanji pakhomo osalawa ngakhale sipuni imodzi? Anaphika. Gyuri anaseka, kumwa mbale yonse, ulendo.

Analephera ndi mamalikisi awiri okha. M'kalasi mwawo onse anakhoza kupatula iye. Chipatala chimene chinali chitamulonjeza kale ntchito chinangotumiza kauthenga pafoni, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Inunso achemwali, nzeru munasiya kuti?" anatero a Bong, anzawo oyanika nawo. "Bwenzi mutangomupakira sopo pamakwerero, ndi chimodzimodzi."

A Malsun mumtima mwawo anali atadziweruza kale: mwana anamugwetsa ndi iwo.

Gyuri anachita lendi kachipinda ku Busan. M'mawa ankasambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, masana kuwerenga. Akalepheranso, ndiye chaka china chathunthu akukhuthula mabeseni, anzake ali m'zipatala. Nanga mayi akanathandiza chiyani? Tsiku lina anatsegula buku limene mwanayo anasiya kunyumba, anaona mafupa ndi mayina a mankhwala, n'kulitseka bwinobwino ngati alipalamula.

Ndiye anachita zimene akanatha. Anachotsa miyeok yense m'nyumba. Tsiku lawo lobadwa anadya mpunga ndi kimchi, kabichi wowawasa uja, basi. Ankatumiza mikate ya mpunga womata, kuti zowerengazo zimate m'mutu, koma poikulunga ankayamba asamba m'manja katatu. Chowawa kwambiri, analeka kukamuona mwanayo, poti fungo la miyeok silichoka m'manja mwawo ngakhale atakwecha bwanji. Gyuri akanena zobwera kunyumba, ankamukaniza.

"Ukabwera mayeso akatha. Wadya?"

"Ndadya, amayi."

Foni zawo zinkathera pamenepo, mayiwo n'kutsala akuyang'ana khoma. Ankamusowa mwana wawo koopsa.

Tsiku la mayeso linawapeza pa maukonde, poti Januwale ndiye nyengo yake. Tsiku lonse manja ali m'zoterera zomwezo, mtima uli ku Busan, palibe chimene akanachita. A Bong, pakamwa ponse paja, tsiku limenelo anatseka.

Zotsatira zinatuluka mu Febuluwale. Foni italira, a Malsun anapukutira manja pa epuloni.

"Amayi, ndakhoza."

A Malsun anakhala pa bokosi. "Waona mwanawe? Chaka chino sunaulawe msuzi uja."



"Amayi, ndakhala ndikumwa Lamlungu lililonse, pakalesitilanti kena pafupi ndi siteshoni. Ngakhale m'mawa wa mayeso ndinamwa. Chaka chatha sindinawerenge bwino za mankhwala, basi. Simunali inu."

"Nanga umaumweranji, iwe?"

"Ndi wosakoma, madzi okhaokha. Koma umanunkhirako ngati inu. Paja simumabwera."

A Malsun anayang'ana manja awo ong'alukawo, amene anawabisa chaka chathunthu kwa mwana amene ankawafunafuna. Anavula epuloni. Kuchokera pamene anakhalapo, basi yopita ku Busan simatha ndi ola limodzi lomwe.